Kamakina Kodziwa Polekera

Nyumba yanga ndi ya a Eltjo Bulthuis n'zolumikizana, khoma n'limodzi. Ndiye musati ndine wamiseche ndikamanena za m'nyumba mwawo. Khomalo ndi lopyapyala, silisunga chinsinsi. Akatsokomola ndimamva. Akatsegula wailesi m'mawa kuti amve zanyengo, nanenso ndimadziwira pomwepo ngati ndichape kapena ayi. Ine ndi malemu amuna anga, a Koert, tinalowa muno tsitsi lidakali lakuda, ndipo tinawapeza iwo ndi mkazi wawo Riekje atakhazikika kale, ali ndi kamwana kamodzi kakakazi, dzina lake Annechien. Kuyambira pamenepo ine ndi Riekje tinangokhala ngati pachibale.

A Eltjo anakalambira kokhomera zombo, m'mbali mwa ngalande yopita ku Groningen. Analowako ali mnyamata wopanda ndevu, kutsatira bambo awo, ndipo anatulukako msana utawerama. Ntchito yawo inali yomanga mabawuti ndi mapaipi m'mimba mwa chombo, kumene dzuwa silifika. Anzawo ankati bawuti yomwe wamanga Eltjo, womasula wake ndi moto basi. Tsiku lokankhira chombo chatsopano m'madzi, tauni yonse ikukuwa, ana akuthawa mafunde, iwo ankaima kumbuyo manja ali m'thumba n'kungoti, "Chayandama." Akatero ndiye kuti asangalala kwambiri. Amuna akuno amaumira mawu ngati amachita kugula, koma a Eltjo anaposa onse. Riekje ankati ngakhale pomufunsira sananene kanthu: anangomukonzera tcheni cha njinga kunja kwa holo yovinira, sabata yotsatira mabuleki, sabata inayo belu, mpaka njinga inatha zokonza, iye n'kuona kuti kuli bwino angokwatiwa.

Vuto linali lakuti manja ajawo sankawasiya kuntchito, ankabwera nawo kunyumba. Mpopi wa kukhitchini akautseka iwo, za madzi iwalani. Botolo la jamu akalivindikira, ndiye kuti jamuyo walowa m'ndende. Loweruka lililonse ankapopa njinga ya Riekje mpaka matayala gwa ngati mwala, mnzangayo n'kumafika kumsika mano akugundana. Kangati ndamva supuni ikugogoda khoma m'mawa, iwo atapita kuntchito? Ndinkadziwa kuti ndi botolo. Ndinkapita, wina kugwira kunsi, wina kupotokola ndi kansalu, kulithira madzi otentha, kulimenyetsa pathebulo, azimayi awiri akuluakulu thukuta lili kamukamu chifukwa cha jamu.

Madzulo nkhondo yake ndinkaimvera pakhoma.

"Eltjo, kodi m'botolomu ukusungamo golide?"

"Chotseka chizitsekeka."

"Nanga ine ndidye chiyani, botolo?"

"Uzindiitana."

"Ndikuitane uli m'mimba mwa chombo? Ukamatseka uzikumbukako kuti wotsegula ndine, wamva?"

"Hm."

Sanali munthu wankhanza, ndisawanamizire. Chikondi chawo chinali chomwecho, kumanga zinthu kuti zisagwere mkazi wawo. Mashelefu a m'nyumba imeneyo mukhoza kugonekapo ng'ombe. Koma kunena kuti "pepa" kapena "mwina ndalakwitsa", zimenezo sizinatulukepo pakamwa pawo, ndipo ine ndakhala ndikuwauza pamaso kuti ndi nkhutukumve.

Ukalamba unawayambira m'manja momwemo. Nyamakazi inapinda zala, mfundo zinatupa, nsonga zake zinachita dzanzi moti ankatha kugwira kapu yotentha osamva kanthu. Mphamvu m'mikono inalipobe, koma zala zinaleka kuwauza chimene zagwira. Anayamba kulephera kutsegula mabotolo omwe atseka okha. Riekje ankaseka mpaka misozi. "Lero walawako, bambo iwe!" Iwo osaseka. Ankalisiya botololo pathebulo n'kudya buledi wouma.

Chakudza sichiimba ng'oma. Inali nyengo yokumba mbatata, misewu ili matope okhaokha a mathirakitala, pamene ndinamva chinthu chikugwa kuseri kwa khoma, kenaka mawu a a Eltjo akuitana dzina langa lenileni, "Hillie! Hillie!", chonsecho zaka zonsezi ankangoti "aneba". Ndinapeza Riekje ali pansi pafupi ndi sinki, kamwa litapotoka, mpeni wosendera mbatata udakali m'manja. Inali sitiroko. Mkono ndi mwendo wakumanzere zinafa.

Atatuluka m'chipatala anamupititsa kunyumba yosamalirako odwala ndi okalamba, kutsidya kwa njanji, kuti akaphunzirenso kuyenda. Ndi malo abwino ndithu, aukhondo, anamwino ake aulemu. Koma Riekje anadana nawo. Kulankhula kunkamuvuta, koma liwu limodzi linkatuluka bwinobwino: "Kwathu." A Eltjo ankapalasa njinga kupita kumeneko masana aliwonse, kaya mvula kaya mphepo, n'kukakhala pambali pa bedi chipewa chili pabondo. Kunyumba ankadya chiimire, mumphika momwemo. Ndinkawapititsira mbatata yosinja ndi masamba, mbale n'kubwerako yotsukidwa, osati zikomo osati chiyani.

Amene anali ndi mawu omaliza anali mayi Oosting, wa msinkhu wa Annechien, amene ntchito yake ndi yoyendera nyumba za odwala kuona ngati angathe kukhalamo. Anabwera, anayang'ana masitepe athu oimirirawa, analowa kubafa ndi kuchimbudzi. Ine ndinalipo, ndinabwera ndi khofi, poti a Eltjo akanamusiya mlendoyo kukhosi kuli gwa.

"Bambo Bulthuis, ndinene mosabisa," anatero mayi Oosting. "Bedi litsike, likhale pabalaza. Mukolido, kuchimbudzi ndi kubafa muikemo zitsulo zogwirira, zolimba zoti munthu n'kutsamirapo thupi lonse. Zikakhalapo, mayi abwera kwawo Khirisimasi isanafike. Zikapanda kukhalapo, sindingawalole. Akhala komwe aliko."

"Hm."

"Amisiri a khonsolo akhoza kudzaika, koma mzere wake ndi wautali. Mwina chaka chatsopano chikalowa."

"Ndiika ndekha."

Mayi uja anayang'ana manja awo. A Eltjo anaona, n'kuwabisa pansi pa thebulo.

Zitsulozo anakagula, ndipo anayesadi ndi sikuludiraiva yawo yakale ya mpini wamtengo. Inkangowapulumuka. Ndinaimva ikugwa pansi kangapo konse, ndipo ulendo womaliza sinagwe yokha, inachita kuponyedwa. Ndine amene ndinaimbira foni Annechien ku Utrecht kumene amagwira ntchito. Patangopita masiku ochepa, wobweretsa katundu anasiya kwa ine katoni yochokera kwa Annechien, poti eni ake anali kwa Riekje.

Tinaitsegulira pathebulo la kukhitchini kwawo. Munali kasutikesi kapulasitiki, ndipo m'menemo munali sikuludiraiva yamagetsi, kamakina kooneka ngati kamfuti, pamodzi ndi batire, chotchajira, ndi timitu tachitsulo tondandalikidwa ngati mano.

"Chidole," anatero a Eltjo.

"Chidole chomwechi n'chimene chibweretse mkazi wanu. Khalani pansi, aneba."

Kabuku kake kanali ka zilembo ngati nyerere, ndiye ndinavala magalasi, ine kuwerenga, iwo kuchita. Batire linafunika liyambe ladya moto mpaka kanyali kofiira kasanduke kobiriwira. Tinadikira tikumwa khofi, iwo akuliyang'ana ngati liwabera kanthu. Kenaka kulilowetsa kunsi kwa mpini mpaka limveke kuti khe. Kenaka kusankha kamutu kolingana ndendende ndi mtanda wa pamutu pa sikuluu, osati kocheperako kamene kangadye mutuwo. Pamwamba pa batani panali kena kokankhira uku ndi uku: mbali ina kumanga, mbali ina kumasula, ukakasiya pakati ndiye kuti watseka. Zonsezi anazigwira msanga, pajatu ndi mmisiri. Atakanikiza batani, kamakina n'kulira kuti vwiii, ndinaona kumaso kwawo kukuwalako koyamba chidwalireni Riekje.

Mkangano unabuka pa mphete. Kuseri kwa mlomo wa kamakinako kuli mphete yozungulira, yolembedwa manambala kuyambira 1 mpaka 15, ndipo kumapeto kwake kuli kachithunzi ka choboolera.

"Apa akuti nambala ndi mphamvu," ndinatero chala chili pakabuku. "Sikuluu ikalimba kufika pa mphamvu yomwe mwasankha, kamakina kamaleka kupota, kamangolira. Akuti muziyamba ndi nambala yaing'ono, muyese kaye pa kathabwa kotaya, n'kumakwera imodziimodzi mpaka mutu wa sikuluu ukhale bwino. Pakachithunzipo ndi poboolera pokha. Pamenepo sikaleka."

Anatenga kathabwa, anaika mphete pa 4. Sikuluu inalowa theka, kenaka tatatata, kamakina kakungonjenjemera m'manja.

"Kathyoka."

"Sikanathyoke, kakukuuzani kuti pa nambala imeneyo mphamvu yakwana."

"Yakwana? Sikuluu ili panja theka, ati yakwana? Kaulesi aka. Kuntchito tinali naye wina wotere, ikangokwana nthawi ya khofi, sipanala pansi."

"Ndiye kwezani pa 6 muone."

Iwo anapotoza mphete ija, kudutsa 6, kudutsa 10, mpaka pakachithunzi. Sikuluu inalowa yonse, mutu n'kumira m'thabwa, thabwa n'kung'aluka pakati.

"Eya. Tsopano kagwira ntchito."

"Mwang'amba thabwa, aneba!"

"Thabwa lake lachabechabe."

"Makoma am'kati a nyumba zathuzi ndi ofewa kuposa thabwa limenelo. Si chitsulo cha chombo ichi. Ndikukuuzani ine Hillie, mudzalira."

"Pitani mukaphike, aneba."

Ndinatuluka n'kumenyetsa chitseko, ndipo tsiku limenelo sindinawaphikire.

Sabata imeneyo khoma langa linkanjenjemera. Anaboola mabowo, analowetsamo timapulasitiki togwira sikuluu m'njerwa, n'kuyamba kumanga. Ine kuno ndinkatchera khutu kuti ndimve tatatata uja. Sindinamumve ngakhale kamodzi. Kunkangomveka vwiii, kenaka vwiii winanso wowonjezera, wachizolowezi. Kale zala zawo zikanawauza kuti kapulasitiki kayamba kuzungulira limodzi ndi sikuluu, kakupera njerwa m'kati. Koma zala zinali zitagontha. Ndinawakumbutsa pampanda, ndinawakumbutsanso titakumana kotaya zinyalala. Yankho linali "Hm" yemwe uja. Kungoziyang'ana, zitsulozo zinali zokongola, zowongoka bwino, zonyezimira. Amuna awiri a mumzere wa nyumba zathu anatsitsa bedi. A Eltjo anakauza Riekje kuti Loweruka akagona kwawo, ndipo Riekje anauza anamwino onse, n'kuyamba kulongedza ndi dzanja limodzi.

Mayi Oosting anabwera Lachinayi, mvula ikuwaza. Anayamikira bedi, anayamikira kuti achotsa makapeti oterera. Anagwira chitsulo cha mukolido n'kukoka pang'ono. Chinagwedera. Analowa kuchimbudzi, anakhala pachivindikiro, anagwira chitsulo ndi dzanja limodzi kuti adzikoke monga angachitire Riekje. Chinazuka chonse, masikuluu ndi timapulasitiki take, fumbi la njerwa mbwee pansi, mayi uja n'kumenyetsa chigongono pachitseko.



"Pepani, bambo Bulthuis," anatero akudzisisita. "Akanakhala mayi, bwenzi tikunena zina. Loweruka sizitheka. Ndidzabweranso zikakonzedwa, koma masiku anga adzaza mpaka mu Januwale."

A Eltjo anawerama movutikira, anatola kapulasitiki kamodzi n'kukayang'ana. Kanali see, mazinga onse atadyeka. Mmisiri sachita kuuzidwa. Ine mawu akuti "ndinanena" anali pamlomo penipeni, koma ndinawameza. Ndinawamvera chisoni mpaka mkwiyo wonse unandithera.

Kukamuuza Riekje tinapitira limodzi. Chikwama chinali pampando, chotsekatseka, jekete lili pamwamba. Iwo anaima pakhomo chipewa chili m'manja.

"Chazuka," anatero. "Ndinamanga kwambiri."

Riekje anawayang'ana. Kenaka ananena mawu amene tonse tinawamva, ngakhale lilime linali lolemera: "Monga mwa masiku onse." Atatero anatembenukira kukhoma. Sanalire. Ndikanakonda akanalira, kapena kuwatukwana kumene.

M'mawa mwake supuni inagogoda khoma langa. Mtima unangoti myuu, poti kugogoda kumeneko kunali kwa Riekje. Ndinapeza a Eltjo ali pathebulo, kamakina kali patsogolo, kabuku pambali, ndi njerwa yotsala yomwe anakaitenga m'shedi, yofanana ndi za m'khoma.

"Werenganinso paja pa mphete, aneba. Osathamanga."

Ndinawerenga. Anaboola njerwa ija, anaikamo kapulasitiki, anabweza mphete pa 2. Tatatata. Anakweza pa 3. Tatatata. Anapitiriza choncho imodziimodzi, sikuluu ikulowa pang'onopang'ono, mpaka pa 7 mutu wake unakhala bwinobwino, kamakina n'kulira. Ndinaona dzanja lina likupita lokha ku mphete kuti likaonjezere.

"Chotsani dzanjalo!"

"Kamodzi kokha."

"Kamodzi kokhako n'kamene katigonetsa ndi manyazi. Kalira, kanena kuti pakwana. Zala zanu sizikumva, aka kakumva. Mukamvere, poti anthu simuwamvera."

Anandiyang'ana moipa, koma dzanja analibweza. Anakoka sikuluu ija ndi pulayala mpaka njerwa inanyamuka yonse, osasukusika. 

"Ndiye kuti zonse zija ndinkaonjeza chabe," anatero, osati kwa ine.

Ulendo uno anachita mwaumisiri weniweni. Mabowo akale anawamata. Anagula matabwa olimba a oki, anawamanga kaye pakhoma m'mabowo atsopano, ndi timapulasitiki tataliko ndi masikuluu ambiri otalikirana, kuti kulemera kwa munthu kugawikane. Zitsulo zogwirira anazimanga pamatabwapo. Poti oki ndi wouma, ankayamba aboola kabowo kakang'ono, mphete n'kuikweza pa 11, atayesa kaye pa chidutswa. Ndi manja amenewo ntchito inkayenda ngati nkhono, sikuluu imodzi kugwa pansi kangapo isanalowe. Koma pakhoma panga ndinayamba kumva vwiii, tatata, kenaka chete. Sindinaganizepo kuti phokoso la makina lingandikhazike mtima pansi, koma ndinkaleka kusenda mbatata kuti ndilimvere.

Atamaliza anandiitana kuti ndizilendewera pa chilichonse.

"Inu ndinu olemera kuposa Riekje. Zikapirira inu, zapirira onse."

"Mwano umenewo! Ndiye zikomo wake ameneyu?"

Ndinalendewera ndithu, mayi wamkulu ngati ine. Panalibe chomwe chinagwedera.

Koma mvula ikakuona litsiro sikata. Kuchokera tsiku la chikwama lija, Riekje analeka kulimbikira. Anamwino ankamunyengerera kuti aimirire, ayendeko mukolido, iye kumangoyang'ana pawindo, kumene kunalibe kanthu koma njanji ndi minda yakuda yonyowa. Chakudya ankangochikankha. A Eltjo anakamuuza kuti, "Zalimba tsopano. Kanalira, ine n'kuleka." Iye anangowasisita dzanja lopindika lija. Khirisimasi tinakadyera komweko, pathebulo lalitali ndi anthu osawadziwa, makandulo akuyaka, Annechien akuyesetsa kuseketsa mayi ake. Chikwama chija sichinamasulidwe. Chinangokankhiridwa pansi pa bedi.

Mu Januwale kunazizira kwambiri, ngalande inaundana, ndipo Riekje anagwidwa ndi chibayo. Mayi Oosting anabwera pa tsiku lake, anakoka zitsulo zonse, anadzikoka nazo, n'kunena kuti, "Zili bwino, bambo Bulthuis. Akangochira chifuwachi abwere." Sanachire. Anatisiya Lamlungu masana, amuna ake ndi mwana wake ali pambali.

Sindikunena kuti chitsulo chozuka chija n'chimene chinamupha. Adokotala akuti chibayo chikanamupeza kulikonse, ndipo mwina akunena zoona. Koma chikanamupeza pabedi lake, akuona kadimba kake pawindo, akumva ine ndikukalipira mphaka kuseri kwa khoma. A Eltjo akudziwa zimenezi, ine ndikudziwa, ndipo sitinazikambepo. Chimandiwawa mpaka lero.

Kwawo Riekje anabwera ndithu. A kampani ya maliro anafunsa ngati thupi likadikirire kunyumba yawo yamaliro, a Eltjo anakana. "Anati kwathu." Anamubweretsa m'bokosi la paini losapaka utoto. Pokhota mukolido, poti ndi mopanikiza, wonyamula wina anaterera ndi nsapato zonyowa n'kugwira chitsulo chija ndi thupi lonse, bokosi lili m'dzanja lina. Sichinagwedere n'komwe. A Eltjo anaona, anatembenuka, analowa kukhitchini n'kutseka chitseko.

Riekje anagona pabalaza masiku angapo, pamalo pomwe panali bedi lomwe sanagonepo. Anthu a mumzere wathu ankabwera kudzamuona, kumwa khofi ndi kachidutswa ka keke, kugwira a Eltjo chanza n'kumapita. Tsiku loika maliro, galimoto isanafike, m'nyumba munayenera kutsala achibale okha kuti atseke bokosi ndi manja awo, monga timachitira. Annechien anandigwira mkono. "Azakhali Hillie, musatuluke. Amayi akanakwiya." Ndiye ndinatsala.

Tinaika chivindikiro. Bambo wa kampani ya maliro, wovala zakuda, wolankhula chapansipansi, anatipatsa masikuluu amkuwa ndi sikuludiraiva yamanja. Annechien anamanga ake kumiyendo, akulira. Ine ndinamanga anga pakati, maso osaona bwino. Akumutu anatsalira mwini mkazi.

A Eltjo anagwira sikuludiraiva ija ndi manja onse awiri. Inawapulumuka, inagwa pansi n'kugubuduzika mpaka pansi pa mpando. Annechien anaitola. Anayesanso, inapulumukanso, n'kukanda chivindikiro pang'ono.

"Ababa, ndipatseni ndikumangireni."

"Ayi."

"Ndikuthandizeni ine, bambo Bulthuis?" anafunsa wamaliro uja.

"Ayi."

Anandiyang'ana ine. Sanafunike kunena. Ndinapita kukhitchini, kasutikesi kanali pamwamba pa firiji, batire lili lodzaza. Wamaliro uja atakaona kamakinako anayang'ana Annechien, Annechien anagwedeza mutu kuti alekeni.

A Eltjo anasankha kamutu, anakayesa pa sikuluu kuti aone ngati kakulingana. Kenaka anagwira mphete, imene inali idakali pa 11 kuchokera pa matabwa a oki aja, n'kuyamba kuibweza mmbuyo, khe, khe, khe, m'nyumba muli chete moti tonse tinkamva. Anadutsa 7, anadutsa 4, anaima pa 2. Anakanikiza batani mofatsa. Sikuluu inalowa m'paini wofewayo pang'onopang'ono, ndipo mutu wake usanafike n'komwe pathabwa, kamakina kanalira, tatata. Chala chinachoka pabatani nthawi yomweyo. Anazungulira mbali inayo akutsamira bokosi, anachita chimodzimodzi.

Wamaliro uja anapititsa chala pamitu ya masikuluuwo, anaona kuti yatumphukako. Anawerama n'kunong'ona mwaulemu.

"Awa akhoza kulowabe pang'ono, bambo. Ndimalize?"

A Eltjo anaika chikhato chawo chopindika pachivindikiro, pamene panali nkhope ya Riekje.

"Asiyeni choncho," anatero. "Ali ndi dzanja limodzi. Azitha kutsegula yekha."